A Madamu Shawa ndi Mudzi Wopanda Udzudzu

A Madamu Shawa tinawaika m'manda mwezi watha kwawo ku Tamanda, ndipo ine ndinapita kumaliroko nditasita malaya kawiri. Sindinali ndekha. Tonse a kulabu, anthu amene masiku ena timabwera kuntchito ngati tikupita kokagula makala, tinafika titapisira, nsapato zikuwala, zikhadabo zowenga. Palibe anapangana ndi mnzake. Mkulu wa mpingo akuwerenga mbiri ya malemu, anaphonya powerengera zaka zimene anaphunzitsa kusekondale, anachotsapo ziwiri. Maso athu tonse anathamangira kubokosi. A Daka, dalaivala wathu, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Bokosilo silinagwedezeke, koma mkulu uja anaima, anayang'ananso pepala lake, anakonza yekha nambala ija, kenako anapepesa atayang'ana kubokosi, osati kwa anamfedwa. Mukafunse a Daka, alipo, amakhala ku Kapata.

Kwa inu amene simutidziwa, tili ndi labu yaing'ono yochitiramo kafukufuku kunja kwa tauni ya Chipata, zipinda zinayi ndi khonde, ndipo ntchito yathu ndi udzudzu. Timakautola m'midzi, kuuwerenga, kuusiyanitsa mitundu pa maikulosikopu, n'kuuza aku ofesi ya zaumoyo kumene malungo adzavute mvula ikagwa. Mankhwala opopera m'nyumba sakwanira midzi yonse. Chaka chilichonse pamakhala mndandanda, ndipo penapake pamndandandapo pamadutsa mzere: midzi ya pamwamba ipoperedwa, ya pansi idikire chaka china. Oyika midzi pamndandandawo ndife.

A Madamu sanali munthu wa udzudzu. Anali mphunzitsi wa masamu, mwana wa kalaliki wa pamishoni, dzina lawo Elesi, ngakhale sindinamvepo munthu wamoyo akuwatchula choncho. Atapuma pantchito, mwana wawo wa ku Lusaka anawatumizira laputopu kuti azionerapo zithunzi za adzukulu. Zithunzizo anaziona tsiku limodzi, anagamula kuti ana onse anatengera mphuno za kuchimuna, nkhani ya zithunzi n'kuthera pomwepo. Chimene chinawagwira mtima n'chakuti makinawo amachita masamu ukawalamula bwino. Anaitanitsa buku, nayamba kudziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu m'chinenero chija cha kompyuta chotchedwa R, tsitsi lili mbuu. Pulogalamu iliyonse ankayamba kuilemba m'kope ndi pensulo, malire atajambula ndi lula, kenako n'kuitaipa ndi zala ziwiri. Ife tikalakwitsa, kompyuta imatilembera uthenga wofiira wotinyoza. Iwo ndinaona kamodzi kokha ikuwalembera uthenga wotere. Anavula magalasi, n'kuiyang'anitsitsa. Magetsi anazima tauni yonse. Sindikuwonjezera, tsiku limenelo nyama inaonongeka m'mabutchala.

Anawabweretsa kwathu ndi a Dokotala Lungu, mkulu wa labu. A Dokotala anaona kuti ife tonse tinasankha sayansi ya zamoyo pothawa masamu, ndipo masamuwo anali atatilondola mpaka kuntchito. Aku ofesi sankafunanso kungomva kuti udzudzu wachuluka. Ankafuna tiwauze kuti uchuluka bwanji mwezi wamawa, ndi kuti tikapopera kuno n'kusiya uko, odwala achepa motani. Ndiye anapempha a Madamu kuti adzatiphunzitse kwa milungu itatu. Anakhala zaka zisanu ndi zinayi. Sanapezeke wolimba mtima woti akawauze kuti milungu itatu ija inakwana.

Tsiku loyamba tinatsegula makompyuta n'kumadikira. Anatiuza kuti titseke, titenge ndowa zitatu, msomali ndi hamala, tikawapeze pamasitepe a kuseri. Ndowazo anazisanja motsetsereka, ina pamwamba pa inzake. Yapamwamba anati ndi anthu athanzi, yapakati odwala malungo, yapansi ochira. Anaboola ziwiri zapamwambazo. Madzi akudontha kuchoka kwa athanzi kulowa kwa odwala, anatifunsa chimene chimakulitsa bowo limenelo. Tinati udzudzu. Nanga bowo lachiwiri? Tinati mankhwala a kuchipatala. Kenako anafunsa ngati munthu wochira malungo sadwalanso. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati amadwalanso. Anandipatsa kapu, n'kundiuza kuti ndizitunga m'ndowa yapansi ndi kubwezera m'yapamwamba kufikira anzanga onse atamvetsa. Anzanga ndi anthu abwino, koma samva msanga. Ndinakwera ndi kutsika masitepe aja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo mpaka lero ndikaona kamuvi kobwerera m'mbuyo pachithunzi cha modelo, msana umandiwawa.

Modelo, anatero, ndiyo ndowa zija: kafanizo ka zimene zimachitika m'mudzi, kolembedwa m'masamu kuti kompyuta izitha kuthamangitsa miyezi m'kamphindi. Kuchoka pandowa tinapita pabolodi, kuchoka pabolodi m'kope, ndipo kompyuta tinaikhudza mwezi utatha. Ngakhale pamenepo panali malamulo. Pulogalamu yatsopano unkayamba kuiyesa pa kamudzi kongopeka ka anthu khumi, kamene yankho lake waliwerengera kale pamanja. Kompyuta ikanena zosiyana ndi kope, mmodzi wa inu ndi wabodza, ndipo a Madamu ankadziwa kale kuti ndi uti. Pamwamba pa chigawo chilichonse unkayenera kulembapo mawu ofotokoza ntchito yake, ndipo ankati tizilemba ngati anthu oti afa Lachitatu, kuti wotsala asavutike. Ankanena akukuyang'ana, ngati akuyeza ngati Lachitatulo ufika.

Lamulo lalikulu linali la a Daka. Usanataipe chilichonse, unkayenera kukawafotokozera a Daka m'Chinyanja, popanda liwu la Chingelezi, chimene pulogalamu yako ikufuna kuchita. A Daka akapukusa mutu, unkabwerera kukope. Chifukwa cha lamulo limeneli a Daka, amene sukulu anasiyira giledi seveni, ndi dalaivala yekhayo kum'mawa kuno amene angakufunse, uku akusintha tayala, kuti nambala yakoyo ukuikhulupirira kufika pati.

Sankakalipa. Bwenzi zili bwino akanamakalipa, chifukwa wokalipa amatopa. Iwo ankangowonjezera ulemu. Akati "Mbewe", ndinkadziwa kuti kunja kwacha bwino. Akati "a Mbewe", mitambo yayamba. Akati "bambo Mbewe, mungandithandizeko kumvetsa mzere uwu", ndinkayamba kuganiza za amene adzandilerere ana. Ankakonda kuima kumbuyo kwa munthu akutaipa, osatulutsa ngakhale kamawu ka mpweya; unkangomva kafungo ka sopo wochapira, zala n'kuiwala ntchito. Ine ndinalakwitsapo dzina langa lomwe katatu motsatizana, kachinayi n'kuwafunsa iwo kalembedwe kake.

Ndipo si ife tokha. Theka la Chipata linadutsa m'kalasi mwawo. Tsiku lina pa lodibuloko, wapolisi wa nyota zake paphewa, mimba ili apo, anasuzumira m'galimoto mwathu n'kuwaona. Analavula chotokosera mano, anaimika miyendo pamodzi, n'kuyamba kulakatula masamu ochulukitsa a seveni popanda womufunsa. Anafika pa seveni taimusi eyiti, n'kukakamira. A Madamu anadikira. Magalimoto anandandalika kumbuyo kwathu mpaka kuphiri. Izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo yankho anamunong'oneza ndi a Daka.

Zonena zawo sizinali zambiri, koma ankazibwereza mpaka zitalowa m'mafupa. Ankati kompyuta ndi wantchito womvera mopitirira: ukamutuma kukatunga madzi ndi lichero apita, adzabwera, nadzakuuza mokondwa kuti ntchito yatheka. Ankati pafomu, ziro ndi mpata si pachibale. Ziro walemba munthu amene anapita n'kusapeza kanthu, mpata wasiya munthu amene sanapite, ndipo wosandutsa mpata kukhala ziro kuti fomu ioneke yodzaza ndi wabodza ngakhale aziimba kwaya. Chimene ankadana nacho koposa ndi nambala imodzi yoima payokha. Modelo ikayankha, ankafuna yankho likhale ndi malire awiri, apansi ndi apamwamba, kuti womva adziwe kukula kwa umbuli wathu.

Pamenepo ndiye pankayambira mkangano wawo ndi a Dokotala Lungu, umene unatha zaka osazirala. A Dokotala ankati aku ofesi ndi anthu otanganidwa, safuna "mwina", amafuna nambala yoti akainene pamsonkhano. A Madamu ankayankha kuti ofuna yankho limodzi lopanda chikayiko apite kwa woombeza ula, alipo wabwino njira ya ku Mtenguleni, ndipo safuna magetsi. M'mawa uliwonse ankapatsana moni wautali, kufunsana za kunyumba, za miyendo, za mvula, kenako aliyense n'kukalowa m'chipinda chake kukalembera mnzake kakalata kotsutsa. Zitseko zawo zinali zoyang'anana, mtunda wa mapazi atatu.

Inu amene munabwera kulabu zaka zitatu zomalizira mukhoza kunditsutsa. Munapeza mayi wobwera ndi beseni la zitumbuwa Lachisanu lililonse, woyesa kumwetulira, wofunsa ngati mwadzuka bwino. Ife akalekale zitumbuwazo tinkadya chiimire, maso kukhomo, chifukwa kumwetulira kwa a Madamu kunali kwa munthu amene wachita kuphunzira m'buku, tsamba lina litang'ambika. Koma sankatiyesa ayi. Ankalimbikira ndi mtima wonse kuti tisiye kuwaopa, ndipo chifukwa chake ndi mudzi wina wa ku Chipangali, umene pano ndingoutcha kwa Kalinde.

Kutola udzudzu kumachitika m'mamawa, anthu atangodzuka. Timayala nsalu zoyera pansi m'chipinda chogona, kutseka zitseko ndi mazenera, kupopera kamankhwala, n'kudikira pang'ono panja. Udzudzu umene unagona m'nyumbamo umagwera pansalu, ife n'kumautola ndi kambaniro. A Madamu atamva kuti timangotulukira pakhomo pa munthu nkhuku zitangotsika, n'kupempha kulowa kuchipinda kwake, anati zimenezo amachita ndi apolisi ofunafuna katundu wakuba. Iwo analeredwa ndi bambo amene sankapita ngakhale kwa mchimwene wawo asanatumize kalata. Choncho anakhazikitsa mwambo woti mudzi uliwonse uzilandira kalata sabata imodzi tisanafike, yotchula tsiku. Makalatawo ankalemba okha pamanja, zilembo zopendekera kumodzi ngati chimanga cha pamphepo, n'kusaina dzina lawo lonse pansi.

M'midzi yambiri makalatawo ankathera m'thumba la jekete la wina, kapena ankafika ife titabwerako kale. Koma kwa Kalinde kalata inkafikira kwa a Naphiri, mtsogoleri wa chigwirizano cha amayi, amene kale anali mwana wa sukulu wa a Madamu. Zimenezi ife sitinkazidziwa. Chimene tinkadziwa n'chakuti mwezi ndi mwezi nsalu za kwa Kalinde zinkabwera zoyera. Mudzi uli m'mbali mwa dambo, koma udzudzu wake woti n'kuwerenga ndi zala za dzanja limodzi. A Madamu anakayikira, monga mwa khalidwe lawo. Anafufuza mafomu kuti mwina mipata yasanduka maziro. Anandiunikitsa pulogalamu mzere ndi mzere, kawiri. Anayezetsa mankhwala athu opopera kuti mwina anasukuluka. Zonse zinali m'malo mwake. Kumidzi iwo sankapita chifukwa cha mawondo. Modelo inaika Kalinde pansi penipeni pa mndandanda, a Madamu anasaina, ndipo opopera anaulambalala mudziwo.

Mvula inagwa, madambo anadzaza. Tsiku lina masana tikumwa tiyi pakhonde, a Daka anangonena mwa nkhani chabe kuti pa midzi yonse iwo amakonda kwa Kalinde, chifukwa anthu ake ndi aulemu. Ukafika umapeza pabwalo posesa, m'nyumba mozira dzulo lake, zovala zochotsa pazingwe, mazenera otsegula, ndipo nyumba iliyonse ikununkhira utsi wa mpungabwi ngati kukubwera abusa.

A Madamu anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"A Daka, mwati utsi wa chiyani?"

"Wa mpungabwi, a Madamu. Ena amawonjezera ndowe za ng'ombe. Amati alendo asalumidwe."

"Kuyambira liti?"

"Chiyambire makalata aja."

Ndinazolowera kuona mantha pankhope za anzanga, ndipo anga ndinkawaona pagalasi la kompyuta tsiku lililonse. Pankhope ya a Madamu ndinali ndisanawaonepo. Milomo inatuwa. Anaitanitsa otola athu awiri, amayi Misozi ndi mnzawo, n'kuwafunsa ngati utsiwo anaumvapo. Onse anayang'ana pansi. Mnzawoyo anati ankaumva ndithu, ndipo ankakambirana m'galimoto kuti mwina ukuthamangitsa udzudzu, koma pafomu panalibe malo olembapo utsi. A Madamu anafunsa ngati pakamwa panalibenso malo. Ndi amayi Misozi amene anayankha, mawu ali pansipansi, kuti makalatawo anali a Madamu, ndiye iwo akanayambira pati.

Kutacha tinanyamuka popanda kalata, a Madamu ali kutsogolo ndi mawondo awo omwewo. Msewu unali matope okhaokha. A Daka anayendetsa osayatsa wailesi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Tinafika anthu akutsegula zitseko. Pakhomo pa a Naphiri, a Madamu anaima nthawi yaitali asanaodire, ngati munthu amene wabwera kudzaba. A Naphiri atatuluka n'kuona amene waima pakhomo, chitenje chinatsala pang'ono kuwapulumuka. Mayi wa zidzukulu zake, wolamula amayi a mpingo wonse, anagwada m'matope n'kubisa manja kumbuyo kuti zikhadabo zisaoneke.

"A Madamu, kalata sitinalandire. Pepani, m'nyumba simunakonzedwe."

A Madamu anawatchula dzina la kusukulu. "Ndi mmene ndikufunira, Agnesi. Dzuka. Tilole tilowe."

Tinayala nsalu, tinatseka, tinapopera, tinadikira panja. Titatsegula, nsalu zinali bii, ngati wina wakhuthulirapo chitowe chokazinga. Ndalumbira zambiri m'nkhani ino, koma apa sindikusowa mboni, chifukwa ndinatola ndekha mpaka khosi kuuma. Wambiri unali wamimba zofiira, wokhuta magazi a anthu a m'nyumbamo, ndipo unali wa mtundu uja wopatsa malungo. Tinalowa nyumba yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi.

A Naphiri anafotokoza, poyamba monyadira, kenako mawu akuchepa pamene ankayang'ana nkhope ya aphunzitsi awo. Anati kalata yoyamba itafika, asanawerenge n'komwe anazindikira zilembo. Anakumbuka mmene a Madamu ankayendetsera chala pazenera la kalasi, n'kuchionetsa kwa wosesa. Ndiye kalatayo anaiwerenga m'tchalitchi mapemphero atatha, n'kugawa amayi m'magulu: awa kusesa, awa kuzira, awa kukathyola mpungabwi. Ankafukiza madzulo, n'kufukizanso m'mamawa galimoto isanafike. Iwo ankayesa kuti tikuyendera ukhondo, ndipo mudzi wopezeka ndi udzudzu wambiri uchita manyazi. Sanafune kuti a Madamu amve kuti mwana wawo amene anamuphunzitsa okha akukhala mwauve.

Akulankhula choncho, pakhonde la khitchini panamveka kubuula. Pamphasa panagona mdzukulu wawo wamkazi wa zaka ngati zinayi, amene anamutulutsa m'nyumba kuti ife tipopere. Thupi linali moto, milomo yosweka, maso osatseka bwino. A Naphiri anati ndi tsiku lachitatu, ndipo chaka chimenecho ana ambiri anali gone. Sabata yapitayo anali ataika m'manda mwana wa nyumba ya kuseri. Kenako anafunsa mwaulemu, manja ali pamodzi.

"Koma a Madamu, chaka chino opopera aja anangotidutsa. Tinawalakwira chiyani?"

"Simunalakwe kanthu," anatero a Madamu. "Ndinasaina ndine."

Mwanayo tinamutenga. Anamunyamula ndi a Madamu pamiyendo, a Naphiri ali kumbuyo ndi ine. Njira yonse a Madamu anayang'ana wotchi yawo, akuwerenga kapumidwe ka mwana, milomo ikuyenda popanda mawu. Pakamtsinje kena galimoto inatitimira. Ine ndi a Naphiri tinatsika kukakankha, matope mpaka m'mawondo, ndipo matayala akuzungulira pamodzimodzi ndinamva mwana uja akuyamba kukomoka, timiyendo tikugunda chitseko. A Daka anatulutsa galimoto ija m'matope ndi mphamvu imene sindikudziwa kumene anaitenga. Kuchipatala anamulandira msanga. Tinakhala pabenchi mpaka masana, a Madamu osakhala pansi, ataima pafupi ndi chitseko ngati mwana amene amutulutsa m'kalasi. Mwanayo anachira, pano ali pasukulu. Wa nyumba ya kuseri uja ndiye anali atapita kale.

A Dokotala Lungu anachita chinthu chimene sindinkayembekezera. Anawoloka mapazi atatu aja popanda kakalata, n'kuwauza a Madamu kuti lipoti likhoza kungonena kuti panali vuto pa katoledwe ka udzudzu kumudzi, osatchula munthu. A Madamu anathokoza, n'kunena kuti mawu otere akagwera amayi Misozi ndi mnzawo, amene cholakwa chawo chinali kuopa munthu woopsa. Analemba okha kalata yopita ku ofesi, masamba awiri, n'kukaipereka pamanja. Mankhwala opopera anali atatha. Chimene chinapezeka ndi masikito ogonamo ochepa, ndi namwino woti azikayeza ana kwa Kalinde sabata iliyonse kufikira mvula itasiya.

Sabata yotsatira anandiitana. Sanati Mbewe, kapena a Mbewe, kapena bambo Mbewe. Anati "mwanawe", ndipo limeneli linandiopsa kuposa mayina ena onsewo. Anandipempha kuti ndiyendetse modelo kawiri, kwa Kalinde atapopera ndi kwa Kalinde osapopera, kuti aone kusiyana kwa ana odwala mwakayakaya. Ndinayesa kuzemba, ndinati zimene tatola n'zochepa. Anati akudziwa, ndiyendetse basi. Yankho linatuluka ndi malire awiri monga anatiphunzitsira. Apansi anali pafupi ndi ziro. Apamwamba sindiwalemba pano. Ndinawalozera apansiwo, n'kunena kuti mwina mwana uja akanamwalirabe ngakhale tikanapopera.

"Mwina," anatero. "Iwe tenga apansiwo, uli ndi ana oti ulere. Apamwambawa ndisunga ndine."

Makalata anathera pomwepo. Chilolezo tsopano amakapempha ndi a Daka kamodzi nyengo ikamayamba, n'kufotokoza bwino kuti sitikuyendera ukhondo, tikufuna nyumba mmene imakhalira masiku onse. Tsiku lopita imasankha ndi kompyuta mwa maere, m'mawa womwewo. Pafomu anawonjezerapo bokosi lalikulu pansi, lolembamo chilichonse chimene wotola waona, wamva kapena wanunkhiza. Dzina lawo analichotsa pa pepala lililonse lopita kumudzi. Anandiuza tsiku lina kuti m'modelo anaikamo mvula, dambo, kutentha, ndi kutalika kwa njira ya kuchipatala, koma anaiwala chinthu chimodzi chimene chinkathamangitsa udzudzu kwa Kalinde kuposa mankhwala onse, ndicho iwo eni. Anati munthu woopedwa amamva zosesa zokhazokha.

Zitumbuwa zinayamba mwezi womwewo. Kunena zoona sizinathandize kwenikweni. Mantha a zaka zambiri sasungunuka ndi mafuta ophikira. Koma chaka chatha, pamsonkhano wa Lolemba, amayi Misozi anakweza dzanja n'kunena kuti a Madamu aphonya powonkhetsa pabolodi. Buluzi amene anali pakhoma anagwa pansi n'kunamizira kufa, ndipo ndinamutola ndine. A Madamu anayang'ana pabolodi, anawerengeranso, n'kupeza kuti amayi Misozi akunena zoona. Anafufuta, anakonza, anathokoza, n'kukalowa m'chipinda mwawo. Patapita kanthawi tinamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, koyamba m'zaka zonsezo. Mawu awo anali oipa kwambiri.

A Madamu anadwala milungu iwiri yokha asanatisiye.

M'chipinda mwawo palibe walowamo kukakhala, ngakhale kuti enafe tikupanikizana atatu patebulo limodzi. Mwana wawo anadzatenga laputopu ndi ambulera. Patsala tebulo, mpando wokhala ndi kapilo kophwatalala, shelefu ya makope osanjidwa mwa zaka, ndi kabokosi kamatabwa pangodya ya tebulo, mmene tinkasiya ntchito yathu Lachisanu kuti tidzaipeze Lolemba itadzaza inki yofiira. Uno ndi Okutobala, ndipo mndandanda wa chaka chino akuufuna ku ofesi. A Dokotala Lungu anandiuza, osandiyang'ana, kuti tsopano wosaina ndine. Lachisanu lapitali ndinausindikiza, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kukausiya m'kabokosi muja. Lolemba ndinalawira. Ndinaupeza mmene ndinausiyira, woyera mbali zonse, mzere uli pomwe ndinaudutsitsa.

Mayina a midzi ya pansi pa mzerewo ndawawerenga mpaka ndawaloweza. Sindinasainebe. Zenera la chipindacho limayang'ana cha ku Chipangali, ndipo masana ano kumeneko kwada, kukung'anima.